Belu lija analichotsa, nanga mbiri ya sukulu zathu za masisitere akusunga ndani?

Nachisale_Chilomoni
Amayi anzanga mwaswera bwanji. Pali nkhani yandikhala pamtima kuyambira Loweruka. Ndinapita kukaona mwana wanga, ali fomu 1 pa sukulu yomwe ine ndinaphunzira, nde mukudziwa mmene mtima umagundira ukamalowa pa geti lomwe unatulukira uli mtsikana. Maso anga anathamangira pa mtengo wa mango wa pafupi ndi dayiningi pomwe pankalendewera belu lathu, chitsulo cha gudumu la lole chija tinkamenya ndi bawuti. Palibe. Pangotsala waya wadzimbiri wolowa mkati mwa khungwa. Akuti pano kuli belu la magetsi, akazima pulifekiti amayenda ndi wezulo. Ndinapita ku giroto, malo opempherera aja a chifanizo cha Maria, ndinapeza udzu wofika mmawondo, pomwe ife tinkapikisana kuikapo maluwa mwezi wa May. Koma chandipweteka kwambiri si belu ayi. Ndamufunsa mwana kuti sukulu ino anayambitsa ndani, masisitere ake ndi a chipani chiti, wangoti kaya mami. Ife sabata yoyamba ankatikhazika mu holo sisitere wamkulu nkutifotokozera zonse, kuti njerwa za kalasi yoyamba anaumba ndi akhristu a pa parishi. Nde ndikufunsa, kwanu zilinso chonchi? Ndipo tikati tipemphe kuti miyambo ina ibwerere, tiyambe ndi uti?

MayiWaAtatu
Kwathunso ndi zomwezo asisi. Korona wa madzulo pano akuti ndi wa ofuna okha.

Admin_Amayi
Nkhani yabwino iyi. Chikumbutso chabe, muno tili ochokera sukulu zosiyanasiyana, ena Stella Maris, ena Providence ku Chisitu, ena Our Lady of Wisdom ku Limbe, St Mary's ku Zomba, Likuni Girls, Ludzi, Nkhamenya, mpaka a Marymount ku Mzuzu alimo. Mukamadandaula musatchule dzina la sukulu kapena la sisitere kapena mphunzitsi, ingonenani kuti kwathu. Zikomo.

Tiya_Machinjiri
Ine ndiyambe ndi kutsutsa. Belu limenelo linkatidzutsa 4:30 mu June madzi ozizira ngati achokera mu filiji, mwana wa zaka 13. Lichoke basi. Si zonse zakale zinali zabwino.

Nachisale_Chilomoni
Tiya mng'ono wanga sindinati zonse. Ndikuti mwana adziwe pomwe waima.

Gogo_wa_Soche
Ana anga ndilembeko pang'ono, mundikhululukire zala zimachedwa. Ine ndinalowa sekondale kwa masisitere kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndipo ndaphunzitsa mpaka kupuma. Mbiri yomwe ankatiuza ndi iyi. Ansembe a Montfort atatu anafika kwa Nzama ku Ntcheu mu July 1901. Patapita zaka zitatu, mu 1904, kunabwera masisitere a Daughters of Wisdom, chipani chomwe chinayambira ku France mu 1703 ndi Louis de Montfort ndi Marie Louise Trichet. Nchifukwa chake achikulire sukulu ya ku Limbe ija tinkaitchula La Sagesse, ndi Chifalansa chimenecho, ndipo katidulo ya ku Limbe nayo ili ndi dzina lomwelo la Our Lady of Wisdom. Poyamba masisitere sanayambe ndi sekondale ayi, anayamba ndi kusonkhanitsa atsikana pa mishoni, kuwaphunzitsa katekisimu, kuwerenga, kusoka, ukhondo wa ana, chifukwa makolo ambiri ankakana kuti mtsikana apite kusukulu, ankati adzakana banja. Kenako Ambuye Louis Auneau, amene anakhala episkopi wa kuno kummwera kuyambira 1910, anayambitsa chipani cha masisitere achikuda, Atumiki a Maria Virigo Woyera, m'zaka za m'ma 1920, ndipo kuchigawo chapakati Ambuye Guillemé anayambitsa ma Teresian mu 1929. Amenewa ndi amene anasintha zinthu, chifukwa kholo likaona mwana wa Mmang'anja kapena Mlomwe mnzake wavala velo akuphunzitsa mkalasi, mantha aja ankatha.

Muganizirenso kuti masekondale oyamba mdziko muno, Blantyre Secondary mu 1940, Zomba Catholic mu 1942, Dedza mu 1951, maso onse anali pa anyamata. Mtsikana wokhoza bwino ankati akakhale mphunzitsi wa pulayimale kapena mzamba, basi pathera pomwepo. Nde sukulu mukuzitchulazi sizinagwe kumwamba, panali anthu anakangana ndi makolo, ndi mafumu, nthawi zina ndi ansembe omwe, kuti mtsikana naye alembe Cambridge. Ine bambo anga anavomera chifukwa sisitere anabwera kumudzi pa njinga kawiri konse, ulendo wachiwiri anakhala pa mphasa mpaka dzuwa kupendeka.

MayiWaAtatu
Agogo zikomo, izi ndasunga. Ine zaka zinayi ndinakhala kwa masisitere koma za 1904 ndikuzimva lero.

NaBanda_Bangwe
Nde mwaona? Ngati ife sitikudziwa, ana tiwadzudzule bwanji.

Tiya_Machinjiri
Agogo ulemu wanu, mbiri imeneyo ndi yokoma ndipo sindikuitsutsa. Koma tikamalemba mbiri tilembenso za kachikwangwani kaja. Kwathu ukayankhula Chichewa ankakuveka kathabwa mkhosi, iwe uzisaka mnzako woti umupatsire, amene wagona nako Lachisanu mawa lake akukumba dzenje la zinyalala. Ine ndinachokera ku pulayimale ya kumudzi ku Chiradzulu, Chizungu changa chinali cha mmabuku, telemu yonse yoyamba ndinangokhala chete ngati wosayankhula, anzanga ankaganiza kuti ndine wonyada. Chichewa chomwecho boma linachikweza mu 1968 kukhala chiyankhulo cha dziko, mayeso tinkalemba, koma kuchiyankhula pabwalo kunali mlandu. Ndipo chinkatiphunzitsa ukazitape, mnzako weniweni umamutchera khutu kuti alakwitse. Umenewu ndi mwambo woti ubwerere?

Mphunzitsi_Zingwangwa
Tiya kathabwa kameneko sikanali ka masisitere okha, sukulu za boma ndi za mipingo ina kanaliko. Koma ndikuvomereza, kanali koipa. Ine ndikuphunzitsa Chizungu pano ndipo mwana wamantha saphunzira chiyankhulo.

NaBanda_Bangwe
Koma Chizungu tinachidziwa nacho amayi, tisaname.

Tiya_Machinjiri
Tinachidziwa chifukwa cha laibulale ndi ma debate a Lachitatu, osati kathabwa.

Chemwali_Ndirande
Ine mwambo womwe ndikulira ndi wa mayi wa pasukulu. Anthu amangokumbuka zoipa zake koma tamverani yanga. Ndinafika ndi bokosi lachitsulo la amalume, ndowa, khasu ndi chikwakwa monga inanenera kalata, sopo mmodzi wochapira yemweyo wosambira. Mayi anga anali atamwalira ndili sitandade 6. Ndinatha msinkhu telemu yachiwiri, usiku, mu hositelo ya anthu 40, ndinangokhala pa bedi kulira osadziwa kuti ndiuze ndani. Mayi wanga wa pasukulu anali fomu 4, mtsikana wa ku Mulanje wosayankhulayankhula, anadzuka nkunditengera ku bafa, anang'amba chitenje chake chatsopano pakati nkundionetsa kapindidwe kake, nkuchapa shiti yanga yekha mdima usanathe kuti ena asaone. Mmawa anapita nane kwa metironi. Mpaka lero ndimamutchula amayi ngakhale timasiyana zaka zitatu zokha, pa chinkhoswe changa anakhala mbali ya kuchikazi. Nde ndikamva kuti analetsa, ndimafunsa kuti mwana wamasiye wa chaka chino akudzutsa ndani usiku?

MayiWaAtatu
Achemwali mwandiliza.

Nangozo_Chirimba
Yanu inali mwayi achemwali. Wanga ankandichapitsa zovala zake zonse mpaka zamkati, chiponde changa ndi shuga zinkakhala mu loka yake, ndikadandaula akuti ndi mwambo nawenso udzachita ukadzafika fomu 4. Ndipo chomvetsa chisoni ambiri ankachitadi. Amene analetsa anali ndi zifukwa.

Chemwali_Ndirande
Zoona a Nangozo sindikukana. Koma kwathu sisitere ndi amene ankasankha kuti uyu akhale ndi uyu, ndipo ankaitana ana a fomu 1 paokha kuwafunsa. Pomwe zinaonongeka ndi pomwe akuluakulu anasiya kuyang'anira, ma fomu 4 nkumadzisankhira okha ana a makolo olemera pa tsiku lotsegulira, kuyang'ana kukula kwa chikwama.

Nachisale_Chilomoni
Apa nde pali mfundo. Osati kubweza mmene zinalili koma mmene zinayenera kukhalira.

Anti_wa_Manja
Inu mukukamba zolemera, ine ndikufuna ndidziwe ngati nyemba zija zilipobe kkkk. Anankafumbwe akuyandama pamwamba timangowakankhira mmbali ndi supuni.

NaBanda_Bangwe
Mgaiwa, nyemba, kabichi. Mgaiwa, nyemba, kabichi. Nyama Lamlungu ntchintchi ziwiri, mpunga ukaoneka udziwe kwabwera alendo.

MayiWaAtatu
Koma tsiku la nkhoswe ya sukulu amayi! Misa ya Ambuye Episkopi, ovina atavala zoyera, kwaya itakonzekera mwezi wathunthu, kenako mpunga wa nkhuku ndi Fanta mmodzi mmodzi, aphunzitsi ndi masisitere ndi amene ankatigawira chakudya tsiku limenelo ife titakhala. Botolo ndinkamwa pang'onopang'ono mpaka madzulo.

Anti_wa_Manja
Ndipo madzulo ake disiko ndi anyamata a St Patrick's ku Mzedi kapena a Zomba Catholic, ija timati Box 2, akabwera, magetsi onse oyaka, sisitere ali pakhomo ndi tochi, 9 koloko lole yawo yaliza kale.

Nangozo_Chirimba
Makalata awo nde ankafika atatsegulidwa kale, ena kuwerengedwa pa asembule.

Admin_Amayi
Amayi tabwererani ku funso la a Nachisale, za anyamata a Box 2 zili ndi tsiku lake.

NaPhiri_Kanjedza
Ndibwerere ku mbiri. Ine ndine wa MSCE ya 1992 nde zaka zanga zinayi zinagwera pakati pa zinthu ziwiri zazikulu. Ndili fomu 1 Papa John Paul II anabwera, May 1989. Tinaphunzira nyimbo masabata ambiri, mayunifolomu kusita ndi simbi ya makala usiku, pa 5 May tinali pa Kamuzu Stadium pa msonkhano wake ndi achinyamata, bwalo lomwe lija tinazolowera kupitako pa 6 July kukachita zionetsero. Ndikukumbuka sisitere wathu wachikulire, munthu woti sitinamuonepo akuseka, akulumpha ndi kambendera mmanja. Kenako ndili fomu 4, pa 8 March 1992, Lamlungu loyamba la Lenti, wansembe anawerenga kalata ya maepiskopi mmalo mwa ulaliki. Mu tchalitchi munali zii, ngakhale kutsokomola. Inkanena za malipiro ochepa, za zipatala, za kuchuluka kwa ana mmakalasi, za anthu kuopa kuyankhula. Ife ana tinkangoyang'anana chifukwa tinakula tikudziwa kuti zoterezi sanena ngakhale kuchipinda. Masiku otsatira tinamva kuti maepiskopi awaitana apolisi ku Kanjedza, Ambuye James Chiona ali pomwepo, boma linati kalatayo ndi youkira ndipo kupezeka nayo ndi mlandu, makina osindikizira a ku Balaka anatenthedwa, Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa mdziko. Kwathu masisitere anatisonkhanitsa ku giroto usiku uliwonse kupemphera korona, geti lokhoma, palibe wotuluka. Chaka chotsatira June 1993 kunali riferendamu. Nde giroto mukuti yamera udzuyo kwa ine si malo a maluwa chabe, ndi pomwe ndinaona akuluakulu akuchita mantha koma osathawa. Ana athu akuphunzira za 1992 mu History ngati nkhani yakutali pomwe inachitikira pa bwalo lomwe amayanikapo zovala.

Gogo_wa_Soche
Mwana wanga wanena zoona. Ine nthawi imeneyo ndinali mphunzitsi, kope langa la kalatayo ndinalibisa mu thumba la ufa.

Tiya_Machinjiri
Izi nde zofunika kuwauza ana. Izi ndikuvomera ndi manja awiri.

Anti_wa_Manja
Mukukumbuka kugwada pa asembule kuti aone ngati siketi ikukhudza pansi?

Mphunzitsi_Zingwangwa
Limenelo linali lamulo la dziko anti, la 1973 la kavalidwe, mkazi osavala buluku kapena siketi yoonetsa mawondo. Linatha nthawi ya matipate. Zinthu zambiri timaziika pa masisitere pomwe zinali za nthawiyo.

Abiti_Mbayani
Ndiyankhuleko ngati Msilamu amene anaphunzira kwa masisitere, chifukwa tikamati miyambo ibwerere ena mitima imadumpha. Ine ndinasankhidwa ndi boma, dzina linatuluka, bambo anga anakayika koma anati sukulu ndi sukulu. Misa ya Lachisanu mmawa inali ya aliyense, ndinkakhala kumbuyo, Tikuoneni Maria ndimamudziwa mpaka lero kuposa Akatolika ena. Palibe anandikakamiza kubatizidwa. Mwezi wa Ramadan sisitere woyang'anira khitchini ankatisungira nsima mu poto pafupi ndi moto kuti tidye dzuwa likalowa, ndipo ankauza akuphika atidzutsire phala mbandakucha, tinalipo asanu ndi awiri. Koma mpango kumutu sunkaloledwa, ndipo zinkandiwawa, ndikafika pa Wenela potsekera chinthu choyamba kunali kuutulutsa mchikwama. Nkhani ya hijab mwaiona mmene inavutira mpaka a PAC, bungwe lija la zipembedzo, kukhazika pansi mbali zonse nkusainirana mu 2021. Nde ine ndikuti korona abwerere kwa eni ake, koma mtima wa sisitere wa kukhitchini uja ndi umene ubwerere kwa onse.

NaBanda_Bangwe
Ife a CCAP tinali ndi SCOM Loweruka madzulo mkalasi, Akatolika ali ku YCS ndi Lejiyo. Sitinkadana. Koma sukulu ndi ya mpingo Abiti, ukapita kwa eni umatsata za eni.

Abiti_Mbayani
Ndi ya mpingo inde koma aphunzitsi ambiri amalipidwa ndi boma, msonkho wa bambo anga unali momwemo. Ndipo sindinadzisankhe ndekha kupita kumeneko.

Mphunzitsi_Zingwangwa
Nonse mukunena zoona ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani ya fizi yomwe palibe waitchula. Sukulu zambiri za mishoni ndi zija timati grant-aided, nyumba ndi malo ndi za mpingo, boma limatumiza aphunzitsi ndi thandizo, ana ena amasankhidwa ndi boma ena amalowa pa malo a mpingo. Kale kunali masisitere achizungu amene ankalemba makalata kwawo ku France, Holland, Canada, kukabwera makatoni a mabuku, mankhwala, ndalama zomangira. Amenewo anakalamba, anabwerera, ena anaikidwa konkuno. Masisitere athu a lero alibe abale olemera kunja, chimanga akugula pa mtengo womwe inu mukugula, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 bajeti ya chakudya inangosweka pakati pa telemu. Nde fizi imakwera, amene akukwanitsa ndi ana a mtauni, ndipo kholo lolipira ndalama zambiri silifuna kumva kuti mwana wake wagwira chikwakwa. Ndaonapo ndi maso kholo likukalipira mhedi chifukwa mwana anatuluka matuza mmanja. Udzu wa ku giroto uja a Nachisale, wautchetcha ndani ngati manyuwo inathetsedwa ndi ife makolo tomwe pa miting'i ya PTA?

Nachisale_Chilomoni
Aphunzitsi apa mwandigwira. Pa miting'i imeneyo ndinalipo ndipo sindinatsutse.

MayiWaAtatu
Komanso masisitere ophunzitsa achepa. Nthawi yathu Biology sisitere, French sisitere, Home Economics sisitere, kuchipatala sisitere. Pano mwina awiri, mhedi ndi wa ndalama.

Mwana_wa_Lunzu
Pa nkhani ya fizi ndiikepo umboni. Bambo anga anachotsedwa ntchito ku fakitale ndili fomu 3, telemu yachiwiri ndinabwera ndi theka. Mayina a ngongole ataitanidwa ndinalongedza bokosi ndekha. Sisitere wa ndalama anandipeza pa geti ndikudikira minibasi, anangoti bwerera ukaike katundu, ukabwere ku ofesi. Anatsegula kabuku kakuda kachikuto cholimba, munali mayina ambiri ena ofufutidwa ndi rula, nkulemba langa. Holide iliyonse ndinkatsala masabata awiri, kupenta mabedi, kusenda chimanga, kumata mabuku a mu laibulale ndi guluu wa ufa. Sanauze munthu aliyense, anzanga ankaganiza kuti ndikufuna usisitere. Nditayamba ntchito ndinapita ndi envelopu, anakana, anatsegula kabuku komweko nkundionetsa dzina la mwana wina wa fomu 2 nkuti lipirira uyu. Kwa ine mwambo wa sukulu ya masisitere ndi kabuku kameneko. Belu likhoza kupita.

Chemwali_Ndirande
Kabuku kameneko kwathunso kanaliko!! Ndimaganiza kuti ndi kwathu kokha.

Gogo_wa_Soche
Kanali pafupifupi paliponse ana anga, kungoti sankalengeza.

Osatchula_Dzina_91
Ndakhala ndikuwerenga kuyambira mmawa, ndimafuna ndisalembe koma ndilembe. Ine kabuku kameneko sikanandifikire. Tinkatsegulira telemu ndi kuyezedwa, mzere pa khonde la kachipatala, nesi ndi metironi kukukanikiza pamimba mmodzimmodzi chitseko chili chotsegula theka. 1991 ndili fomu 3 anandipeza. Sindikufuna kufotokoza za mwamunayo, anali wamkulu kwa ine ndipo palibe anandifunsa kuti zinachitika bwanji, ngakhale mmodzi. Anandisunga mu kachipinda ka odwala usiku umodzi kuti ndisaonane ndi anzanga, mmawa anzanga ali ku Misa bokosi langa linali kale mu galimoto. Ndinkamva nyimbo ya kwaya yomwe ine ndinali kuimba nawo soprano ndikudutsa kuseri kwa tchalitchi. Pa asembule anauzidwa kuti ndachititsa manyazi sukulu. Nthawi imeneyo ukachotsedwa wachotsedwa, ndondomeko yolola kubwerera kusukulu utabereka inabwera 1993, ine inandiphonya ndi zaka ziwiri. Ndinadzalemba MSCE ngati eksitenolo mwana ali ndi zaka zisanu, pano ndili ndi shopu yanga ku Limbe ndipo mwanayo ndi namwino. Mapemphero ndinaphunzira kumeneko ndi omwe anandisunga, sindinasiye tchalitchi, ku limana kwathu ndine mlembi. Koma mukamalemba mbiri yokoma ya giroto ndi Fanta, mutilembemonso ife amene tinatuluka pa geti la kumbuyo. Mkalasi mwathu mokha tinalipo atatu.

Tiya_Machinjiri
Amayi pepani. Pepani kwambiri. Izi ndi zomwe ndimanena.

NaPhiri_Kanjedza
Asisi ngati muli amene ndikuganiza, bedi lanu linali pafupi ndi zenera, ndipo tinalira hositelo yonse usiku umenewo koma tinkaopa kufunsa. Ngati si inu, ndiye kuti zinali zofanana kulikonse. Ndinayenera kukusakani kalekale.

Osatchula_Dzina_91
Ndilembereni kumbali asisi.

NaBanda_Bangwe
Ine ndinali pulifekiti, mzere umenewo ndinkauyang'anira ndine. Panthawiyo ndinkaona ngati ndi zoyenera. Lero ndili ndi ana aakazi awiri ndipo ndawerenga izi katatu.

Gogo_wa_Soche
Mwana wanga wa 91, ine ndinakhalapo mu komiti ya chilango zaka zambiri ndipo ndinasainapo makalata otero. Tinkati tikuteteza ena. Panali sisitere mmodzi amene ankatsutsa nthawi zonse, ankati Maria nayenso anali mtsikana woyembekezera amene anthu akanamuponya miyala, ife tinkamuona ngati wofewa mtima mopitirira. Ankapita mwakachetechete kumidzi kukawaona atsikana aja ndi matewera ndi mabuku. Ali moyo, ali ku nyumba ya masisitere opuma, maso anafooka koma mutu uli bwinobwino, amakumbuka mayina a ana ndi midzi yawo. Pepa mwana wanga, ndikupepesa ine mwini.

Osatchula_Dzina_91
Agogo ndalandira. Kwa ine sanafike koma ndasangalala kumva kuti analipo wotero.

Anti_wa_Manja
Abale ndinayamba ndi nyemba koma pano ndili chete.

Nachisale_Chilomoni
Amayi ndinabwera ndi dandaulo la belu koma mwandipatsa zambiri. Maganizo anga ndi awa, munditsutse. Tisayambe ndi kulembera ahedi kuti bwezani izi ndi izi. Tiyambe ndi kupita kwa amene atsala, sisitere akunenedwa ndi agogoyu, akuphika akale, alonda, metironi, tiwajambule mawu pa foni asanatisiye. Bambo amene ankatiphikira phala kwathu ndinakumana nawo ku Chadzunda chaka chatha akugulitsa makala, anandizindikira ndi dzina la hositelo yanga. Munthu ameneyo anagwira ntchito pansi pa mahedi asanu, mbiri ili mmutu mwake kuposa mu ofesi.

Mphunzitsi_Zingwangwa
Mu ofesi namonso muli chuma, sukulu zakale zimakhala ndi log book ndi kaundula wa ana olowa, mayina, midzi, ntchito za makolo, zolembedwa pamanja. Zina zikudyedwa ndi chiswe mmakabati, ndipo Freddy uja wa March 2023 anationetsa kuti pepala silichedwa kupita ndi madzi. Tipemphe chilolezo kwa ahedi ndi kwa akulu a chipani tizijambule tsamba ndi tsamba, koma za ana zisamwazidwe pa WhatsApp, zikhale za sukulu.

Tiya_Machinjiri
Ine ndilowa nawo pokhapokha ngati kathabwa ndi geti la kumbuyo zilembedwa.

Nachisale_Chilomoni
Zilembedwa Tiya, ndipo gawo limenelo ulemba ndiwe ngati a 91 alola.

Osatchula_Dzina_91
Ndalola, dzina lokha ayi.

Mwana_wa_Lunzu
Ndipo tikapita tikafunse ngati kabuku kakuda kalipobe. Ngati kalipo ine nditenga dzina limodzi telemu ikubwerayi, amene angathe atengeko theka.

Abiti_Mbayani
Theka linalo ndi langa.

MayiWaAtatu
Nanga giroto? Ine chikwakwa ndikadali nacho mphamvu, ana akationa ife amayi awo tikutchetcha mwina adzachita manyazi nkulowa nawo.

Chemwali_Ndirande
Osati manyazi asisi, tiwaitane bwinobwino, a NaPhiri akawafotokozere za 1992 pomwepo atakhala pa udzu.

Admin_Amayi
Chabwino. Sukulu iliyonse isankhe anthu awiri mundipatse kumbali pofika Lachinayi. Ulendo woyamba ndi wa kwa sisitere wopuma uja, agogo atitsogolera.

Gogo_wa_Soche
Ndaimba foni ku nyumba kwawo, akuti Loweruka tifike ikatha Misa ya mmawa, cha mma 9, masana amatopa. Musabwere gulu, anthu anayi akwana. Mutenge shuga ndi mkaka wa ufa, ndipo wina abwere ndi zithunzi zakale ngati muli nazo, saona bwino koma mukamuuza amene ali pa chithunzi amayamba yekha kufotokoza.

NaPhiri_Kanjedza
Galimoto ndi yanga, tikumane pa Ginnery Corner 7:30. Agogo ndidzakutengani pakhomo. A 91 mpando wakutsogolo ndakusungirani ngati mungafune.

Osatchula_Dzina_91
Ndiona mmene ndidzukire Loweruka. Shopu ndipeza wondigwirira.